Chaka Chimene Ndinalembera a Namakhwa pa Bolodi

Ana anga, za ubwana wanga ku mishoni munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza bwino kuposa ine. Pano ndiyambira pa ntchito. Ndaphunzitsa m'masukulu angapo mpaka kupuma. Ndakhala pansi pa mahedi okoma mtima, ndi ena oti ukangomva nsapato zawo pakhonde njala imatha. Koma mutu uno ndaupatulira munthu mmodzi, a Namakhwa, hedi wanga woyamba.

Chaka choyamba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza kozi ya uphunzitsi ananditumiza ku sekondale ina yoyendera, imene inali m'malire mwa esiteti ya tiyi. Basi inanditsitsa pamsewu waukulu kuli chiperoni, ndipo thalakitala imene inkachokera kotula masamba ku fakitale ndiyo inandimvera chisoni n'kundinyamula pamodzi ndi sutikesi yanga. Nditafika pa sukulu ndinapeza bambo wina wamfupi, wa jekete lotuwa, akukhomerera chitseko cha kalasi. Ndinawafunsa kumene kuli ofesi ya ahedi. Anamaliza kaye kukhoma msomali, n'kupukuta manja pa buluku.

"Ofesi ndi iyo, koma ahediwo ali pano. Mwabwera kudzaphunzitsa chiyani, Madamu?"

"Chichewa ndi Mbiri."

"Ndiye kuti galamala mumaidziwa. Tigwirizana."

A Namakhwa anali a kwa Changata. Ali mnyamata anapita ku seminale kuti akakhale wansembe, koma bambo awo atamwalira anabwerako kudzalera azing'ono awo. Ku seminaleko anabwerako ndi Chilatini, ndipo pa sukulu yathu ndiwo okha ankachiphunzitsa. Masiku amenewo phunziroli linkalemekezedwa, koma aphunzitsi ake anali osowa. Makalasi athu analibe siling'i, choncho ine ndikamaphunzitsa magulu a mayina m'chipinda changa, ndinkamva ana a m'chipinda chinacho akuimba mayina a Chilatini ngati salimo. Sindinkamvapo kanthu, ndipo sindinkafuna kumva.

Zosowa zinali zambiri. Buku la galamala ya Chilatini linalipo limodzi, lawolawo la ku seminale, lomatamata ndi nsalu. Choko chikatha tinkalemba ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndipo a Namakhwa ankasankha okha pamsika makaka oyera bwino. Mapepala a mayeso a pakati pa teremu ankakapempha ku fakitale, timatumba tong'ambika toikamo tiyi, ife n'kumadula ndi lezala. Poti buku linali limodzi, zonse zinkadutsa pa bolodi. Munthu ameneyu ankalemba mokongola, moti ana ankakanirana kufufuta. Ana athu ambiri anali a anthu othyola tiyi, okhala m'malaini a pa esiteti. Mwana akajomba, a Namakhwa sankatuma uthenga. Ankakwera njinga, n'kukamupeza kholo lake pakati pa mizere ya tiyi, n'kuyankhula nalo Chilomwe kapitawo ali chiimire pomwepo.

Chaka chachitatu

Chaka chimenechi ndinakwatiwa ndi bambo anu. Iwo anali makaniko ku Limbe, ndipo anali atapeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi magetsi. Ndinapempha ku ofesi ya maphunziro kuti andisamutsire ku Blantyre. A Namakhwa anasaina pempholo osazengereza, koma yankho silinabwere chaka chimenecho kapena chotsatira. Bambo anu ankabwera pa basi kumapeto kwa mwezi, n'kubwerera Lamlungu madzulo. Banja la chotere limatopetsa. Anthu a kwawo anayamba kuwafunsa ngati anakwatira mkazi kapena sukulu.

Chaka chachisanu, mvula itangoyamba

Tsiku lina m'mawa a Namakhwa anagwa m'kalasi akulemba. Galimoto ya pa esiteti inawathamangira nawo ku chipatala cha mishoni, kumene anati ndi sitiroko. Anabwerako teremu yachiwiri itayamba. Ankayenda mokoka mwendo, mawu ankatuluka pang'onopang'ono koma omveka, ndipo mutu unali bwinobwino. Dzanja lamanja ndilo linafa. Ankaliika m'thumba la jekete.

Vuto linali la ana a Fomu 4 amene anali atalembetsa kale Chilatini pa mayeso a boma. Anawa anasiya phunziro lina kuti atenge Chilatini, ndipo kusintha sikukanathekanso. Kulephera phunziro limodzi kukanagwetsa satifiketi ya ambiri a iwo. Ku Boma anatiyankha kuti mphunzitsi wina wa Chilatini palibe, tidzionere tokha.

Tsiku limene anabwerera m'kalasi ine ndinali ndi piriyodi yopuma, ndikuchonga makope m'chipinda choyandikana nacho. Ndinamva choko chikukwekwereza pa bolodi, kenako chinagwa. Chinatoledwa, chinagwanso. Ndinadzuka n'kukasuzumira pakhomo. A Namakhwa ankayesa kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo zimene zinali pa bolodi zinali ngati mmene imapalasira nkhuku. Thukuta linali kamukamu pamphumi. Ndinalowa, n'kutola chokocho pansi.

"Ahedi, nenani inu, ine ndizilemba."

Anandiyang'ana. Kenako anakoka mpando ndi mwendo wabwinowo n'kukhala.

"Fufutani zanga zija. Lembani m, a, n, u, s."

Ndinalemba manus. A Namakhwa anafunsa ana tanthauzo lake, ndipo palibe anayankha, ngakhale ankalidziwa. Maso awo ankangothawa thumba la jekete lija.

"Musachite manyazi," anatero a Namakhwa. "Sindinasankhe ine. Ndi pamene tinalekezera m'bukumu. Manus ndi dzanja."

Phunziro limenelo ndimalikumbukira lonse, mwina chifukwa linali langa loyamba. Anayamba ndi ine. Anandifunsa mmene dzina lakuti dzanja limasinthira m'Chichewa, ndipo ndinayankha kuti dzanja, manja, m'manja, pamanja, kumanja.

"Mwaona? Ife timasintha dzina kumutu. Aroma ankasintha kumchira. Amene sayang'ana mchira samva Chilatini."

Ndiye anayamba kutchula, ine ndikulemba motsika. Dzanja likakhala mwininkhani, limene likuchita chinthu, ndi manus. Likakhala pamtherankhani, monga pamene munthu wagwira dzanja, ndi manum. Kunena kuti cha dzanja, monga mphamvu ya dzanja, anatchula mokoka kuti manuus, ndipo ine ndinalemba ma u awiri. Anandiuza kuti ndifufute mmodzi, ndiike kamzere pamwamba pa wotsalayo: manūs. Anati kamzere kameneko ndi kamene kamasiyanitsa dzanja ndi cha dzanja, ndipo m'mabuku ambiri sakalemba n'komwe, munthu amangozindikira ndi nkhani yake. Kupereka chinthu kwa dzanja ndi manui. Kuchita chinthu ndi dzanja ndi manu. Manja ambiri ndi manūs kachiwiri, cha manja ndi manuum, ndipo apa pokha ma u awiri aja analoledwa. Ndi manja, kapena kwa manja, ndi manibus.

Kenako anawachenjeza za msampha umene ankati umagwira ana pa mayeso. Mayina ambiri othera ndi us ndi aamuna, monga dominus, mbuye. Koma manus ndi lachikazi, ndipo lili m'gulu lina, lachinayi. Dzanja lamanja ndi manus dextra, osati dexter.

"Dzinali lavala buluku koma ndi lachikazi. Musakanene kunja."

Ana anaseka, chifukwa nthawi imeneyo mkazi wovala buluku ankamangidwa. Kuseka kumeneko kunamasula kalasi yonse. Mtsikana wina dzina lake Felesiya, amene agogo ake anachokera ku Mozambique, anakweza mkono n'kunena kuti agogowo akamayankhula Chipwitikizi, dzanja amati mão. A Namakhwa anasangalala mpaka mbali yabwino ya nkhope inawala. Anati amenewo ndi manus yemweyo atakalamba n'kuguluka mano. Anafotokoza kuti liwulo ndi lakale kuposa Aroma eni ake, analilandira kwa makolo awo, ndipo abale ake amapezeka m'zinenero zina zakale za ku Ulaya kumene ankatanthauza chitetezo. Kwa Aroma linkatanthauzanso gulu la asilikali, kalembedwe ka munthu, ngakhale chitamba cha njovu. Kukhala in manu kunali kukhala pansi pa ulamuliro wa wina, ndendende ngati mmene ife timanenera kuti ali m'manja mwa uje. Anamaliza ndi liwu limene mwana aliyense wa pa esiteti ankalidziwa.

"Manijala nayenso anachokera pomwepa. Anadzera kwa Ataliyana, kumene linali liwu la munthu wowongolera kavalo ndi dzanja."

"Ndiye kuti makolo athu ndi akavalo, sala?" anafunsa Felesiya.

"Ine ndimaphunzitsa galamala. Zinazo kafunseni ku ofesi ya pa esiteti."

Kuyambira tsiku limenelo tinasintha ndandanda ya maphunziro kuti piriyodi zanga zopuma zizigwera pa Chilatini. Zinaoneka msanga kuti kulemba motsatira chilembo chimodzichimodzi kukutidyera nthawi, choncho ndinayenera kuphunzira. Tikaweruka ndinkapita pakhonde pawo, mayi a kunyumba kwawo n'kutiikira nthochi zowiritsa, iwo n'kundiphunzitsa za mawa lake. Makope a ana ndinkawawerengera mokweza, iwo n'kumanena poti ndichonge. Sankalola kuti ndichonge chinthu ndisanamvetse chifukwa chake chalakwika. Ankafunanso makalasi apadera Loweruka, ndipo ndinawauza kuti limenelo ndi Sabata ku mpingo wathu, sindingagwire choko.

"Ine Lamlungu ndi Misa," anatero. "Koma Misa imatha isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Sabata lanu ndi lalitali, langa ndi lalifupi. Lifupike langalo."

Tinayamba kukumana ndi ana Lamlungu masana.

Chaka chomwecho, chakumapeto kwa teremu yachiwiri

Ndipamene yankho la pempho langa lija linafika. Malo anapezeka pa sekondale ina ku Blantyre, ndipo ndinayenera kukayamba teremu yachitatu, teremu ya mayeso. Nthawi imeneyo iwe Chisomo unali m'mimba. Bambo ako atamva anabwera osadikira kutha kwa mwezi, atagula kale nsalu za makatani. Ndinawauza kuti ndikuganiza zopempha kuti andidikire mpaka ana alembe mayeso. Anatembenuza chipewa chawo pa bondo.

"Pa sukulu yonseyi wodziwa kugwira choko ndinu nokha?"

"Ena angagwire. Koma ayambira pa chilembo chimodzichimodzi, ndipo nthawi yatha."

"Ine ndadikira zaka ziwiri. Mwanayu abadwira kuno, ine ndili ku Limbe ngati mbeta. Anthu amenewa akakhoza adzakukumbukirani?"

Funso lawo linali loona. Anabwerera m'mawa mwake, makatani n'kuwasiya pa mpando.

A Namakhwa anali atamva kale, popeza uthenga wa ku ofesi unadzera kwa iwo. Nditapita pakhonde paja tsiku lotsatira ndinapeza buku lili chitsekere.

"Madamu, lero sitiphunzira. Aroma olemera ankakhala ndi munthu wowalembera, ankamutchula kuti a manu. Munthu ameneyo ankakhala kapolo. Inu si kapolo wanga. Bambo anga anagwira thangata pa esiteti yomweyi, ndipo ine sindidzagwiritsa munthu thangata. Pitani kwa amuna anu."

"Nanga ana?"

"Ana ndi mlandu wanga. Ndiyesa mphunzitsi wa Masamu. Ndiyesanso lamanzereli."

Ndinadziwa kuti akunena ndi mtima wonse, ndipo zimenezo ndi zimene zinandivuta kwambiri. Akanandichonderera, mwina ndikanakwiya n'kupita.

Ndikubwerera kunyumba ndinadzera njira ya m'munda wa tiyi. Anthu anali akuweruka, madengu ali kumsana, akupita kokayezetsa masamba. Mayi wina anapatuka pamzere n'kundipatsa moni. Anali mayi ake a Felesiya. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka, monga zimakhalira za aliyense wothyola tiyi nyengo ya mvula.

"Madamu, ati mukusamuka?"

"Sizinadziwike bwino, mayi."

"Ayi, ndimangofunsa. Mwanayo amaimba zinthu zanuzo akamatsuka mbale. Ife sitimva. Timangoti bola zikutuluka." Anakonza lamba wa dengu paphewa. "Muyende bwino ngati mukupita. Mwatithandiza."

Sanapemphe kanthu. Anathamangira anzawo kuti asapeze sikelo itatsekedwa.

Lolemba ndinakwera basi kupita ku Boma. Bwana wa ku ofesi ya maphunziro anandimvetsera bwinobwino, kenako anandiuza mosabisa kuti malo a m'tauni sadikira munthu. Ndikakana apatsa wina sabata yomweyo, ndipo dzina langa libwerera kumunsi. Anandifunsa ngati amuna anga avomera. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ahedi andikakamiza. Ndinati andithamangitsa. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati munthu wodwala.

"Ndiye mukukaniranji, mayi?"

"Ndinayamba nawo ntchito. Ndikufuna ndiimalize."

Malo aja anapatsadi wina. Bambo anu sanabwere kumapeto kwa mwezi umenewo, ngakhale wotsatira. A Namakhwa nditawauza zimene ndachita sanandithokoze. Anayang'ana mitengo ya bulugamu ya kumalire a sukulu, kenako anati nditsegule buku, tatsalira ndi aneni.

Teremu ya mayeso, nyengo yozizira

Teremu imeneyo tinagwira ntchito ngati anthu othawa mvula. Mimba inali itakula, ndipo kufikira pamwamba pa bolodi kunkandivuta, choncho a Namakhwa anauza kalipentala kuti atsitse bolodilo. Iwo ankabwera ngakhale tsiku la chiperoni choti munthu suona nyumba ya mnzako, mwendo ukuwawa, atafunda bulangete pamwamba pa jekete. Mawu akatopa ankagogoda tebulo ndi chala, ana n'kumatchula okha mathero a mayina motsatira kugogodako. Sindinamvepo akudandaula za thupi lawo pamaso pa ana. Kamodzi kokha, tili awiri, anatulutsa dzanja lija m'thumba, n'kuliika pa tebulo ndi linzake, n'kunena kuti chimene amachisowa kwambiri si kulemba ayi, koma kukwera njinga kupita kumalaini.

Mayeso atatha anapita okha ku Boma kukanena kuti sangathenso ntchito, awapumitse. Panalibe amene anawakakamiza. Anati mphunzitsi wofuna anthu awiri kuti aphunzitse kalasi imodzi akudyera ana ena. Mphunzitsi wina wa Chilatini sanabwere, ndipo phunzirolo linathera pomwepo pa sukulu yathu. Zotsatira zinatuluka iwo atasamuka kale. Ambiri anakhoza, ena ochepa analephera, ndipo olepherawo ndimawakumbukirabe mayina. Felesiya anakachita unamwino ku mishoni. Ine ku Blantyre sindinapitekonso. Patapita zaka ananditumiza ku Thekerani, kumene ambiri a inu munakulira, ndipo za kumeneko, za msewu wake ndi za hedi amene ankatsekera choko m'nyumba mwake, ndi nkhani ina.

Iwe Chisomo unabadwa patangopita milungu yochepa mayeso atatha. Bambo ako anabwera kuchipatala, anakunyamula, ndipo nkhani ya kusamuka sanaitchule. Koma sinali itatha. Tinkayankhulana za matewera ndi za sopo, ngati anthu ongokumana pa basi.

Lamlungu lomaliza a Namakhwa asanapite kwawo kwa Changata, tinamva ndodo pakhomo. Anali atayenda wapansi kuchokera kunyumba kwawo, mayi a kunyumba kwawo akuwatsatira pambuyo ndi nkhuku ya mwana. Bambo anu anawapatsa mpando, iwo eni n'kukhala pa mpondero wa khonde. Aka kanali koyamba kuti anthu awiriwa akhale pamodzi chichitikire nkhani ija. Atamuona mwana, a Namakhwa anavula chipewa n'kutembenukira kwa bambo anu.

"Achimwene, ndabwera kwa inu. Akazi anu anataya malo a m'tauni chifukwa cha kalasi yanga. Ndinawauza kuti apite, koma atakana ndinasangalala mumtima, ndipo inu sindinakufunseni. Nyumba yanu yakhala yopanda munthu chifukwa cha ine. Ndikupepesa."

Bambo anu anatola kamtengo n'kumachotsa girizi m'zikhadabo. Ine ndinali pakhomo ndi mwana.

"Mukanandifunsa ndikanakana," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Ndiye munachita bwino osandifunsa."

Anataya kamtengo kaja. Kenako anafunsa a Namakhwa ngati akudziwana ndi mkulu wa magalimoto ku fakitale, chifukwa anamva kuti kukufunika makaniko wa mathalakitala. A Namakhwa anati mkuluyo anali mwana wawo wa sukulu, anamuphunzitsa Fomu 2, ndipo anali wosamva. Bambo anu anadzuka n'kutenga jekete.

"Tiyeni mukandionetse nyumba yake. Tiziyenda pang'onopang'ono."